KEMISITIRI YA M'THUMBA LA FETELEZA
Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Komiti inandipempha kuti ndiyankhule za phunziro la kemisitiri. Ndasankha chigawo chimodzi chimene ophunzira ambiri amachithawa, chimene m'mabuku amachitcha stoichiometry. Dzinali lisakuopseni. Analiyambitsa ndi katswiri wina wa ku Germany, Jeremias Richter, m'chaka cha 1792, ndipo nkhani yake ndi ya muyeso: zinthu zikakumana ndi kusanduka chinthu china, chilichonse chimalowamo chochuluka bwanji?

Mfundo zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba anaifotokoza Antoine Lavoisier wa ku France m'chaka cha 1789: zinthu zikamasanduka, palibe chimene chimatayika. Mukaphatikiza kulemera kwa zonse zimene zalowa, kumafanana ndi kulemera kwa zonse zimene zatuluka, kuwerengera ndi mpweya womwe. Yachiwiri ndi ya Joseph Proust, nayenso wa ku France: chinthu chilichonse chili ndi muyeso wake wosasintha. Madzi a mu Shire ndi madzi a mvula ya pa Mulanje onse ali ndi galamu 1 ya haidirojeni pa magalamu 8 aliwonse a okosijeni.

Mwina wina akuti, nanga zimenezi zindithandiza chiyani ine amene ndinasiya mabuku kalekale? Tiyeni tipite kumene timagula feteleza.

Chimene chimanga chimafuna kwambiri mu feteleza wobereketsa ndi naitirojeni. Molekyulu imodzi ya Urea ili ndi atomu 1 ya kaboni, 1 ya okosijeni, 2 a naitirojeni ndi 4 a haidirojeni. Kulemera kwake timawerengera motere: kaboni 12, okosijeni 16, naitirojeni 28, haidirojeni 4, zonse pamodzi 60. Ndiye kuti pa magawo 60, magawo 28 ndiwo naitirojeni, kapena kuti pafupifupi 46 pa 100. Nambala 46 imene mumaiona pa thumba imachokera pamenepa. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a naitirojeni.

Tichite chimodzimodzi ndi Sulphate of Ammonia. Kulemera kwake ndi 132, koma naitirojeni ndi 28 yemweyo, ndiye kuti 21 pa 100. Thumba lake la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 10 ndi theka okha. CAN ali pakati, cha m'ma 27 pa 100. Taonani tsono: ngakhale Sulphate of Ammonia atagulitsidwa pa theka la mtengo wa Urea, wogula matumba awiri apeza makilogalamu 21 a naitirojeni, pamene mnzake wogula thumba limodzi la Urea ndi ndalama zomwezo apeza 23. Nzoona kuti Sulphate of Ammonia amapatsanso nthaka salufa, ndipo minda ina imamufuna. Koma mlimi ayenera kudziwa chimene akulipira. Matumba amafanana polemera pa njinga, koma safanana m'munda.

Mfundo ya Lavoisier imatiuzanso chifukwa chimene alangizi amalimbikitsira kukwirira Urea. Mukangomuwaza pamwamba pa nthaka yachinyontho kunja kukutentha, amasanduka mpweya wa amoniya, ndipo wina amauluka. Naitirojeniyo sanathe ayi. Alipo ndithu, koma ali mumlengalenga, kumene mizu singamupeze. Kubaya dzenje ndi kukwirira ndiko kusunga ndalama yanu.

Ngakhale ku fakitale nkhani ndi yomweyi. Njira yopangira amoniya, amene Urea amachokerako, anaitulukira Fritz Haber m'chaka cha 1909, ndipo Carl Bosch anaikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau, m'dziko la Germany, mu 1913. Makilogalamu 28 a naitirojeni amafuna makilogalamu 6 a haidirojeni kuti apereke makilogalamu 34 a amoniya. Haidirojeni akachepa, muwonjezere naitirojeni mmene mungathere, amoniya sachuluka. Chopereweracho ndicho chimalamula.

Lamulo la choperewerali limakhudza ngakhale moyo wathu. Makala ndi kaboni. Magalamu 12 a kaboni amafuna magalamu 32 a okosijeni kuti apse bwino ndi kutulutsa magalamu 44 a carbon dioxide. Koma mbaula ikakhala m'chipinda chotseka, okosijeni amachepa, ndipo magalamu 12 aja amangopeza 16, nkutulutsa mpweya wina wotchedwa carbon monoxide. Umenewu ulibe fungo, suoneka, ndipo umakakamira m'magazi koposa okosijeni maulendo pafupifupi 200. Munthu amamva mutu, amafooka, amagona, osadzukanso. Chonde, miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ikafika, kauzeni abale kumudzi kuti mbaula sagona nayo m'nyumba.

Ang'ono anga a Fomu 3 ndi Fomu 4, mukamalimbana ndi kulinganiza equation, dziwani kuti mukuwerenga maatomu, monga mmene wogulitsa m'golosale amawerengera katundu madzulo. Amene ali kumanzere apezeke onse kumanja. Yambani mwalinganiza, kenaka musandutse magalamu kukhala ma mole, ndipo muzifunsa nthawi zonse kuti choperewera ndi chiti. Mukatsata ndondomeko imeneyi, mafunso otere pa mayeso a MSCE sadzakuvutani.

Pomaliza ndibwere kwa ife akale. Zonse ndanenazi zinadziwika chifukwa anthu anayeza pa sikelo. Mwana amene waotcha yekha kachidutswa ka magnesium, naona ndi maso ake kuti phulusa lake likulemera koposa chitsulo chija chifukwa cha okosijeni amene walowamo, saiwala. Amene wangokopera pa bolodi amaloweza, mawa nkuiwala. Aphunzitsi tili nawo, ana anzeru tili nawo, nyumba ya labotale ilipo. Choperewera ndi masikelo, mabotolo oyezera ndi mankhwala, ndipo mwamva kale kuti chopereweracho ndicho chimalamula. Choncho ndikupempha kuti aliyense wa ife aone Msungichuma asanatuluke pachipata lero, apereke mmene angathere, ndipo komiti idzatiuze pa msonkhano wotsatira zimene yagula. Mutu umodzi susenza denga.