Mpweya Wobisala M'madzi a Injini ya Galimoto

Munthu wogwira nchito m'migodi kapena m'tauni amasunga ndalama zaka zambiri kuti agule galimoto. Koma galimotoyo ikhoza kuonongeka tsiku limodzi cabe, pa mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Lusaka, cifukwa ca kanthu kosaoneka ndi maso, ndiko mpweya wotsekeredwa m'madzi oziziritsa injini.

Injini ikamagwira nchito imatentha kwambiri. Cifukwa ca ici, m'kati mwace muli tinjira ta madzi. Pampu imakankha madziwo kuti azungulire m'tinjiramo, natenga kutentha, napita nako ku ladiyeta kumene mphepo imawaziziritsa. Pa khomo lotulukira madzi pali kacitseko kochedwa thermostat, kamene pa magalimoto ambiri kamatseguka madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 90. Ku Lusaka ndi ku Migodi, kumene dziko liri lokwera koposa mamita 1,200, madzi a mumphika amawira pa madigiri 96 cabe. Cibvundikiro ca ladiyeta cimapanikiza madzi kuti asawire msanga, koma zonsezi zimayenda bwino pokha pokha tinjira tonse titadzala.

Mpweya umalowa pamene munthu akhetsa madzi akale, pamene asintha paipi kapena pampu, ndiponso pamene madzi acepa cifukwa ca kudontha. Pothira madzi atsopano, mpweya wina umatsalira pa malo okwera, makamaka m'mutu wa injini. Mpweya sutenga kutentha monga acitira madzi. Cotero citsulo ca pamenepo cimapsa, mutu wa injini umapindika, gasiketi nayo imaonongeka, ndipo mtengo wa kukonza zimenezi ndi waukuru.

Zizindikiro zace ziripo zitatu. Mubvi wa geji umakwera ndi kutsika popanda cifukwa. Hita imatulutsa mphepo yozizira ngakhale injini yatentha. Ndipo poliza galimoto pamamveka phokoso ngati la madzi otuluka m'botolo.

Tsono kacotsedwe kace nkotere. Mwini galimoto ayambe injini iri yozizira, ndipo aimike galimoto pa citunda mphuno yace italoza kumtunda, pakuti mpweya umakwera kufuna malo apamwamba. Atsegule cibvundikiro, aike hita pa malo otentha kwambiri, nathire madzi pang'ono pang'ono. Kukhuthula madzi mofulumira ndiko kumatsekera mpweya m'kati. Magalimoto ena ali ndi kasikuluwu kotulutsira mpweya pafupi ndi thermostat kapena pa paipi. Kameneka akamasule kufikira madzi atuluka opanda thobvu, kenaka akamangenso. Afinyenso paipi yaikuru ya mphira kangapo ndi dzanja.

Atatha izi alize injini, cibvundikiro cikali cotsegula, naileke iyende pang'ono pang'ono. Pa khosi la ladiyeta padzaoneka thobvu. Patapita mphindi zingapo paipi ya pamwamba idzatentha, madzi adzatsika, ndipo apo ndiye kuti thermostat yatseguka. Awonjeze madzi kufikira adzale. Thobvu likaleka, hita niyamba kutulutsa mphepo yotentha, atseke cibvundikiro, nayende ulendo waufupi akuyang'ana geji. M'mawa mwace, injini isanalire, aonenso madzi ndi kuwonjeza ngati acepa.

Ngati thobvu silileka konse, kapena madzi angotha tsiku ndi tsiku popanda podontha pooneka, bvuto ndi lina. Kawiri kawiri ndiye kuti gasiketi yapsa kale, ndipo utsi wa m'injini ulikulowa m'madzi. Galimoto yotere ipite kwa makanika isanayende ulendo wautali.

Pali macenjezo oyenera kuwakumbukira. Munthu asatsegule cibvundikiro injini iri yotentha, pakuti madzi ndi nthunzi zimatumphuka ndi mphamvu ndi kuwaula nkhope ndi manja. Asathire madzi ozizira m'injini imene yawira kumene, cifukwa citsulo cingang'ambike. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani, popeza fani ya magetsi imayamba yokha. Madzi akhale oyera, osanganiza ndi mankhwala ace a ladiyeta monga mwa malangizo a pa botolo. Ngakhale kuno madzi sawundana kawiri kawiri ndi cisanu, mankhwalawo amaletsa dzimbiri. Koma ndi poizoni, ndipo amatsekemera, cotero asungidwe kumene ana ndi agalu sangafike.

Nchito yonseyi imatha m'theka la ora, kapena kupitirira pang'ono. Akuru akale anati kuthamanga sikufika. Dalaivala amene adikira kuti thobvu lomaliza lituluke adzafika kwao ndi galimoto yace, ngakhale pa dzuwa la mwezi wa October.