Kachilombo Kam'nthaka ndi Mitengo Youma Mutu

Mtengo wa zipatso ukavulala patsinde, nthaŵi zina pamatuluka chotupa chonga chinkhukundembo cha nyama. Mu 1907 Erwin Smith ndi Charles Townsend a ku America anapeza kuti chochititsa chake ndi bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Agrobacterium tumefaciens. Padapita zaka 70 kuti chinsinsi chake chidziŵike: mu 1977 Mary-Dell Chilton ndi anzake anaonetsa kuti kachilomboka kamaloŵetsa kachidutswa ka chibadwa chake m'maselo a mbewu. Akatswiri anachotsa kachidutswa kodzetsa chotupa naikapo jini yofunidwa, ndipo mdani uja anasanduka mtumiki.

Fodya anagonja msanga, mu 1983. Mtengo woyamba, wa poplar, unatsatira mu 1987, koma mitengo yambiri imakanabe. Tsamba la bulugama likadulidwa limatulutsa madzi amene amalidetsa, maselo n'kufa. Ndipo ngakhale jini italoŵa, selo limodzi la mtengo wokhwima silifulumira kuphuka mphukira ndi mizu. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu, pakuti jini yoloŵa m'selo losaphuka ndi ntchito yotayika.

N'chifukwa chake ofufuza amasankha tiziŵalo tanthete, makamaka kamluza ka m'kati mwa njere. Amathiramo acetosyringone, mankhwala amene mbewu yovulala imatulutsa, odziŵika mu 1985, kuti bakiteriya adzuke nayambe ntchito. Aŵiriwa amakhala pamodzi masiku aŵiri kapena atatu pamalo ozizirirapo. Kupitirira apo bakiteriya amachuluka nakwirira kachiŵalo, choncho amaphedwa ndi mankhwala. Mu 2020 kunaoneka kuti majini aŵiri olumikizidwa, GRF ndi GIF, amafulumizitsa kuphuka kwa maselo a tirigu ndi a mitengo ya malalanje.

Phindu lake si la m'labotale mokha. Matenda a bowa amene anaoneka ku New York mu 1904 anapha mitengo ya chestnut miyandamiyanda. Ku Syracuse, William Powell ndi Charles Maynard anaika mumtengowu jini ya tirigu yosukulutsa poizoni wa bowayo. Koma mu 2023 kunadziŵika kuti mbande ziŵiri zinasokonezedwa, ndipo imene inali kuyesedwa m'minda inali ina, yokhala ndi jini pamalo olakwika. Bungwe la American Chestnut Foundation linasiya kuchirikiza mtengowo, pamene ofufuza a ku Syracuse anapitiriza kuyesa.