Zimene Msitu wa Kumanda Ukutiphunzitsa

 Ndapemphedwa kuti ndinenepo mawu pa za magulu a m'midzi amene adzipereka kusamala mitengo ndi nthaka m'dera lathu lino. Wina angadabwe kuti nkhani ya mitengo ikudzatani pa tsiku la ng'oma ndi gule. Ndikupempha kuti mundilezere mtima, pakuti mphunzitsi wamkulu wa nkhaniyi ndi mwambo womwewu umene watisonkhanitsa.

Munthu akamayenda kuchoka pa Mponela kulowa m'midzi ya kuno m'mwezi wa Okutobala, amaona minda ili mbee, zitunda zitameteka, fumbi lili koboo. Koma apo ndi apo amaona kamsitu kowirira, ka mitengo italiitali. Ngakhale mwana safunsa kuti pamenepo n'chiyani, amadziwa kuti ndi kumanda. M'midzi yambiri, mitengo yachilengedwe monga muwanga, mombo, tsamba ndi mkuyu yatsala pokhapo. Za kudambwe sitinena pabwalo, ndipo sindiyamba ine lero, koma tonse tikudziwa kuti Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, sangakhale pamtetete. Msitu ukatha, mwambo usowa pokhala.

N'chifukwa chiyani nkhwangwa imene yatha mapiri imaima ikafika m'malire a manda? Ambiri amati ndi mantha. Mantha alipo ndithu, koma si okhawo. Msitu wa kumanda uli ndi mwini wake wodziwika, ndiye mfumu pamodzi ndi akuluakulu ake. Lamulo lake alidziwa aliyense, ndipo wolakwa sazemba: nkhuku kapena mbuzi imaperekedwa, ngakhale wolakwayo akhale mphwake wa mfumu. Mtengo umadulidwa pa chifukwa chomveka, monga pa maliro, adzukulu akuona. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adalandirapo ndalama chifukwa chosunga msitu umenewu. Imeneyi ndiyo komiti yakale kwambiri yosamala zachilengedwe imene tili nayo, ngakhale ilibe mlembi kapena chidindo.

Makolo athu adadziwa kuti nkhalango ndi linga. Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, anthu ankathawira m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi, imene mpaka lero ili yobiriwira chaka chonse. Boma la atsamunda lidayambitsa nkhalango za m'midzi m'chaka cha 1926, kupatsa mafumu udindo wopatula malo a mitengo. Mu 1976 kudabwera tsiku lobzala mitengo, ndipo ambiri a ife tikukumbuka kunyamula mbande za bulugamu ndi malaina tili pasukulu. Lamulo la zankhalango la 1997 lidavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, ndipo masiku ano nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Dziko lathu lidalonjezanso pamaso pa mayiko ena kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni.

Malamulo ndi malonjezo sitinasowe. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa, ndipo pafupifupi khomo lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Chigafa cha fodya chifuna mphanda ndi mapaso, chikopa chifuna utsi, uvuni wa njerwa umeza mitengo yathunthu. Sindikunyoza fodya, pakuti ambiri tili pano adatilipirira sukulu ndi iyeyo. Ndikungonena kuti tadula mofulumira kuposa mmene tabwezera.

Ndipo pobwezapo tazolowera kukonda tsiku lobzala kuposa mtengo wobzalidwawo. Pa tsikulo pamakhala nyimbo, alendo ndi zithunzi, ndipo mbande zimawerengedwa mokweza. Koma ndani amabwerera mu Okutobala kukawerenga zimene zapulumuka? Tikangokolola timamasula mbuzi. Anyamata osaka mbewa amayatsa tchire. Chiswe chimamaliza zotsala. Chaka chotsatira timakumbanso maenje pamalo omwewo, ndi nyimbo zomwezo.

Pali njira ina imene magulu ena ayamba kuiphunzira, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. M'dziko la Niger, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, mlangizi wina wa ku Australia dzina lake Tony Rinaudo adatopa ndi kubzala mbande zomangofa. M'chaka cha 1983 adazindikira kuti tizitsamba timene alimi ankasadza chaka ndi chaka m'minda mwawo tinali mphukira za zitsa za mitengo yodulidwa kale, mizu yake ili moyo pansi. Alimi a m'chigawo cha Maradi atayamba kusiya mphukirazo ndi kuzitengulira, mitengo idabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, popanda nazale kapena machubu.

Mitengo yathu ya mtundu wa mombo ndi tsamba ili ndi khalidwe lomwelo. Kuifesa m'machubu n'kovuta ndipo imakula mochedwa, koma chitsa chake sichifa msanga, ndipo mphukira yake imathamanga chifukwa ikuyamwa ndi mizu yakale yozama. Ntchito yake ndi yotere: pachitsa pamene paphuka nthambi zambiri, sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo muchotse ndi chikwanje chakuthwa, podula mokweza kuti khungwa lisasendeke. Zochotsazo ndi nkhuni za tsiku lomwelo. Mvula ikangotha, mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndiwo wakupha, chifukwa umapeza udzu wouma gwaa, mitengo itangoyamba kutulutsa masamba anthete. Kenaka pamatsala ntchito yosaoneka pachithunzi: kulondera, kubweza mbuzi, kudzudzula mnansi.

Msitu wotere ukabwerera, umabwera ndi zake. Bowa wa ndelema ndi manyame amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedweyi, n'chifukwa chake amayi sakamfuna m'munda wa bulugamu. Kumabwera masuku, nthudza ndi maye, luzi lomangira, mankhwala a azitsamba, ndi maluwa a njuchi. M'munda namo, mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumaona dzuwa pansi pake chikudya manyowa, ndipo m'chilimwe umapatsa ziweto mthunzi ndi nyemba zake. Mlimi amene wapeza kamsangu katamera kokha m'munda mwake n'kukazula, wataya thumba la feteleza limene silikadamulipiritsa kanthu.

Tsono ndinene zowawa, poti tili pakati pa abale. Magulu ambiri amabadwa pulojekiti ikafika, n'kufa tsiku limene galimoto ya pulojekitiyo yatembenuka komaliza. Taphunzitsana kufunsa za alawansi tisanafunse za ntchito. Amene amatsala akugwira ntchito nthawi zambiri ndi amayi, chifukwa ndiwo amadziwa kutalika kwa ulendo wa kunkhuni, koma pogawana mitengo ikakula amene amakhala kutsogolo ndi abambo. Gulu limene silinagwirizane poyamba kuti adzadula ndani, liti, ndipo ndalama ya uchi kapena milimo idzapita kuti, lidzapasuka pa tsiku loyamba lokolola. Ndiponso, mwaulemu wonse, mafumu athu: anthu sadzalondera nkhalango ya mudzi ngati akukayika kuti mawa idzagulitsidwa kwa munthu wobwera ndi ndalama. Wotentha makala naye tisamuyese chilombo. Lamulo lidakhwima mu 2020, ndipo kutentha makala popanda chilolezo ndi mlandu, koma kawirikawiri munthuyo ndi mwana wathu yemwe amene chimanga chidamuthera mu Novembala. Gulu lanzeru limamuitana, kumupatsa mng'oma wa njuchi ndi chigawo choti azilondera.

Pempho langa kwa eni mizinda ndi lakuti mvula isanagwe chaka chino, mudzi uliwonse upatule malo, makamaka ogundana ndi manda kumene mbewu za mitengo zimagwera zokha, kapena kumutu kwa dambo kumene kumachokera madzi a zitsime zathu. Malire ake ayendedwe poyera, mbumba zonse zikuona. Malamulo ake alengezedwe pabwalo monga timachitira ndi milandu, kenaka alembedwe ndi kukaperekedwa kwa alangizi a zankhalango kuti boma liwadziwe. Anamkungwi aike nkhani ya moto ndi zitsa m'malangizo a ana athu. Achinyamata amene ativinira lero ali ndi mphamvu zolambulira njira ya moto m'mawa umodzi wokha, ndipo mfumu ikawatuma sakana. Chaka chamawa tikadzakumananso pabwalo lino, mudzi uliwonse udzatiuze kuchuluka kwa zitsa zimene zaphuka ndi kupulumuka moto wa mu Okutobala.