Kodi Galu wa Polisi Amachokera Kuti?

Omvera, nkhani ya lero ndi ya agalu amene amagwira ntchito pamodzi ndi apolisi: kumene amachokera, m'mene amasankhidwira, ndi zimene zasintha kumaiko kumene amaŵetedwa.

Mlimi wa ku Malingunde, ku Mitundu kapena ku Nathenje akadzuka m'maŵa napeza khola lapasulidwa, ng'ombe palibe, choyamba chimene amachita ndi kulondola mapazi. M'dzinja ntchitoyi njosavuta, pakuti ziboda zimadinda m'matope. Koma m'chilimwe, nthaka itauma gwa, mapazi amathera pamseu kapena pathanthwe, ndipo ngati akubawo aloŵera cha ku nkhalango ya Dzalanyama, imene yakagunda malire a Mozambique, maso a munthu amagonja. Apa mpamene anthu amayamba kufunsana kuti, "Kodi agalu a boma aja sangabwere?" Ndi ochepa amene amafunsa za m'mene galu woteroyo amapezekera, chikhalirecho mpamene pagona nkhani yonse.

Agalu ambiri amene apolisi a maiko a kuno kummwera kwa Africa amayenda nawo ndi a mitundu yochokera ku Ulaya, makamaka German Shepherd ndi Belgian Malinois. Ngakhale galuyo atabadwira ku South Africa kapena konkuno, mukatsata makolo ake mudzakafika ku Germany, ku Belgium kapena ku Netherlands. Mu 1899 mzinda wa Ghent, ku Belgium, unayamba kuphunzitsa agalu oti aziyenda ndi apolisi usiku. Chaka chomwecho, pa 22 April, msilikali wina wa pa kavalo wa ku Germany, Max von Stephanitz, anakhazikitsa bungwe loŵeta agalu a abusa, ndipo galu woyamba kulembedwa m'kaundula wa bungwelo anali Horand von Grafrath. Mkuluyu anaona kuti ntchito yoŵeta nkhosa ikuchepa m'dziko lake, motero analimbikitsa apolisi ndi asilikali kuti agwiritse ntchito agaluwo. Chimene ankaopa kwambiri nchakuti anthu angayambe kusankha agalu poyang'ana kukongola kwa ubweya ndi kaimidwe, naiŵala ntchito.

Pofuna kutseka khomo limeneli, mu 1901 anayambitsa mayeso otchedwa Schutzhund, kutanthauza kuti galu woteteza. Mayesoŵa ali ndi magawo atatu. Poyamba galu amalondola fungo la munthu amene wadutsa m'munda, mphuno ili pansi, ndipo akapeza kanthu kamene munthuyo wataya amagona pomwepo kuti mbuye wake adziŵe. Kenaka amaonetsa kumvera: kuyenda pambali pa mwendo, kukhala, kugona, kulumpha mpanda wotalika mita imodzi atanyamula chikuni kukamwa, ndi kusanjenjemera mfuti ikalira. Gawo lachitatu ndilo limene anthu amadzazira bwalo. Munthu wovala mkono wokutidwa ndi chiguduli chokhuthala amabisala. Galu amamfunafuna, akampeza amangouwa osaluma, munthuyo akathaŵa kapena akaukira mpamene amagwira mkonowo, ndipo mbuye wake akalamula ayenera kutaya nthaŵi yomweyo. Galu amene saluma amalephera, koma amene sataya amalepheranso. Kale, ali chigwirire, ankamenyedwa ndi ndodo yofeŵa kuti oŵeruza aone ngati adzalimba mtima. Kwa zaka zambiri bungwelo silinkalola galu kubereka ana olembedwa m'kaundula asanapambane mayeso a ntchito.

Ku Netherlands anatsata njira ina. Bungwe lawo la agalu a polisi, lodziŵika ndi zilembo zoti KNPV, linayamba mu 1907. Kumeneko anthu wamba, alimi, amisiri ndi madalaivala, amaphunzitsa agalu madzulo akaŵeruka ndi pa Loŵeruka, monga momwe ena amapitira ku mpira. Galu akapambana mayeso nalandira setifiketi, mwini wake kaŵirikaŵiri amamgulitsa ku polisi, iye nayambanso ndi kamwana kena. Chochititsa chidwi nchakuti bungweli silifunsa kalata ya mtundu wa galu. Ambiri mwa agalu ake ndi osakanizika magazi, Malinois ndi Dutch Shepherd, ndipo chimene chimaŵerengedwa ndi ntchito basi.

Tsono mukuona, omvera, kuti maseŵera ameneŵa ali ngati nazale ya fodya. Boma silifesa, limadzangozula mbande zimene ena athirira. Ogula a polisi ndi a usilikali ochokera m'maiko ambiri amapita ku Ulaya kukasankha agalu a chaka chimodzi kapena ziŵiri, amene makolo awo anayesedwa m'mabwalo aja, nakamaliza kuwaphunzitsa kwawo. Kuchokera pa chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America, agalu onunkhiza mabomba anayamba kufunidwa kwambiri ndipo mitengo inakwera. Pamsika wotere dziko losauka limaima kumbuyo kwa mzere, pakuti ogula a matumba akuluakulu amasankha poyamba.

Nazale ija tsopano yasintha. Dzina la mayeso a ku Germany aja lasinthidwa kangapo, ndipo kuyambira 2019 amatchedwa IGP. Koma kusintha kwenikweni sikuli pa dzina. Anthu a ku Ulaya masiku ano safuna kuona nyama ikumva kuŵaŵa, ngakhale pophunzira. Pa 1 January 2022 dziko la Germany linaletsa malamba a m'khosi okhala ndi zisonga zachitsulo, pamodzi ndi njira zina zoŵaŵitsa galu pomuphunzitsa, ndipo mwezi womwewo apolisi a ku Berlin anayamba aimitsa pantchito agalu 49 kufikira nkhani ya malamba awo italongosoka. M'malamulo a IGP amene anayamba kugwira ntchito mu 2025, ndodo ija sigundanso galu. Munthu amangomuopseza nayo. Ku Austria anapitirira pamenepa: mu April 2025 boma linaletsa anthu wamba kuphunzitsa agalu kuluma munthu, nkusiyira ntchitoyo apolisi, asilikali ndi ena a boma.

Mkangano umene wabuka ngwaukulu. Oteteza nyama akuti galu wophunzitsidwa ndi mphotho amagwira ntchito mokondwa ndipo salakwalakwa, pamene womenyedwa amamvera chifukwa cha mantha ndipo tsiku lina amadzatembenukira mwana wa mnansi. Pamenepa akunena zoona, ndipo aliyense amene waonapo galu wa pa tcheni, woŵetedwa ndi chikoti ndi njala, angavomereze kuti nkhanza imabala galu wolusa, osati galu wolimba mtima. Koma aŵeti nawonso ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Iwo akuti ndodo ija sinali chilango, inali sikelo. Wakuba weniweni samangoopseza. Amamenya ndi chibonga, amaponda ndi nsapato. Ngati mayeso saonetsanso galu amene amapirira ndi amene amataya nathaŵa, onse aŵiri adzalandira setifiketi yofanana, onse aŵiri adzabereka, ndipo kufooka kwake sikudzaoneka chaka chino koma mwa zidzukulu. Akutinso anthu wamba akaletsedwa maseŵeraŵa, aŵeti adzachepa, ndipo boma lililonse lidzayenera kufesa lokha.

Mantha ameneŵa ali ndi umboni wake, ndipo umboniwo ndi German Shepherd yemweyo. M'zaka za pambuyo pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse mtunduwu unagaŵika paŵiri: agalu a chionetsero ndi agalu a ntchito. A chionetsero anasankhidwa chifukwa cha maonekedwe, msana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yopindika, ndipo matenda a mfundo za m'chiuno ndi odziŵika kwambiri mumtunduwu. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene apolisi ambiri anatembenukira kwa Malinois, galu wopepuka thupi, wosakongola kwenikweni, amene dzina lake linachokera ku mzinda wa Mechelen, umene Afalansa amautcha Malines. Zimene von Stephanitz ankaopa zinachitikadi, ndiponso zinachitikira galu wake yemwe.

Komabe Malaŵi sayenera kulira maliro a eni ake kuposa eni akewo. Mkangano wonse wa ku Ulaya uli pa mano, pamene chimene dziko lino likusoŵa kwambiri ndi mphuno. Mlimi wobedwa ng'ombe safuna galu woluma. Afuna galu womufikitsa kumene ng'ombe zagona. Mbiri ya kuno kummwera ikuchitira umboni. Mu 1925 galu wa polisi wa ku South Africa, Doberman wotchedwa Sauer, wophunzitsidwa ndi Herbert Kruger, analondola wakuba ziŵeto mtunda wa makilomita 160 m'dziko louma la Karoo, ndipo mpaka lero amatchulidwa m'mabuku. Ngakhale zinali choncho, makhoti a dzikolo anali atagamula kale mu 1920, pa mlandu wa Trupedo, kuti kulondola kwa galu si umboni woti munthu amangidwe nawo. Galu sangaime m'bokosi kuti afunsidwe mafunso. Ntchito yake ndi kufikitsa wapolisi pa chikopa, pa nyama kapena pa mfuti, ndipo zimenezo ndizo zimakalankhula pamaso pa woŵeruza.

Muno m'Malaŵi, mu 2018, apolisi pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire anakhazikitsa gulu la agalu onunkhiza minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka, ndipo ena mwa malo amene agaluŵa agwirapo ntchito ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Galu wotere salumanso munthu. Akamva fungo limene anaphunzitsidwa amakhala pansi kapena kuima chilili pafupi ndi chikwamacho, ndipo malipiro ake ndi kampira kapena chidole chokokana. Malamulo atsopano a ku Berlin ndi ku Vienna samkhudza kwenikweni, chifukwa chiyambire saphunzitsidwa ndi ndodo.

Kutsidya kwa malire, ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, kunachitika chinthu choyenera kuchilingalira. Mu 2014 bungwe la Conservation South Luangwa, mothandizana ndi la Working Dogs for Conservation la ku America, linayamba kugwiritsa ntchito agalu polimbana ndi opha nyama mozemba. Mmodzi mwa agalu oyamba, Ruger, sanachokere ku khola lotchuka. Anali galu wosakanizika magazi wa ku Montana, wotengedwa kumalo osungirako agalu opanda mwini, wovuta kukhala naye pakhomo, ndiponso maso ake ankanka nafooka. Koma mphuno yake inatulutsa mfuti, minyanga ndi nyama zobisidwa m'magalimoto ndi m'nyumba. Bungwelo limachita kufunafuna agalu otere, amene eni ake anawalephera chifukwa chosatopa ndi kukonda mpira mopitirira muyezo.

Apa wina angafunse kuti, nanga bwanji galu wa kumudzi? Alenje a uzimba a m'mphepete mwa Dzalanyama amadziŵa kusiyanitsa galu wa fungo ndi wongothamangira anzake, ndipo amadziŵa kuti ana a galu wakutiwakuti sataya mkwaso wa gwape. Kumeneko nkusankha mbewu komwe, kopanda kaundula. Galu wa kumudzi amapirira dzuŵa, amayenda tsiku lonse, ndipo nthenda za nkhupakupa sizimgwetsa msanga monga zimachitira ndi mlendo wochokera ku maiko ozizira, amene ku zigwa zotentha amaopsedwanso ndi kashembe. Koma tisamkweze pamwamba pa msinkhu wake. Galu wa uzimba amasaka chifukwa pamapeto pake pali matumbo a nyama. Wa polisi ayenera kununkhiza zikwama mazanamazana, zambiri zopanda kanthu, pofuna kampira chabe. Wa kumudzi amachenjera ndi alendo, amaopa simenti yoterera, phokoso la injini ndi khamu la pamsika. Zina mwa izi nzachibadwa, zina nzakaleredwe, ndipo njira yodziŵira njimodzi: kuyesa agalu ambiri, akali aang'ono, ndi kusunga m'buku zimene zapezeka, monga anachitira Adatchi aja amene sanafunse kalata ya mtundu.

Kuŵeta agalu a boma pakhomo nkotheka, pakuti apolisi a ku South Africa ali ndi malo awo oŵetera ndi kuphunzitsira agalu ku Roodeplaat, pafupi ndi Pretoria. Koma si ntchito yotsika mtengo. Mwa ana obadwa mimba imodzi, ena amalephera chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha chiuno, ndipo onsewo amakhala atadya chakudya cha chaka chathunthu. Pamafunika katemera wa chiwewe ndi wa nthenda zina, mankhwala a nkhupakupa mwezi ndi mwezi, makina ojambulira mafupa, ndi wapolisi amene adzakhale ndi galu mmodzi zaka zisanu ndi ziŵiri kapena kuposa osasamutsidwa. Chimodzi mwa zofunikazi chili kale pafupi ndi Mitundu: ku Bunda, sukulu yaukachenjede ya LUANAR imaphunzitsa madokotala a ziŵeto, amene kale ankachita kukaphunzira kunja.

Ndipo kwa iwo amene amagula tiana ta agalu m'mphepete mwa mseu ku Lilongwe, atauzidwa kuti "aka nkapolisi kenikeni" chifukwa makutu aima ndipo msana ngwakuda, nazi zimene wogula wa boma amachita asanatulutse ndalama. Amaonetsa galu mpira, nauponya m'udzu wautali, namgwira galuyo kwa kanthaŵi, kumzunguliza kuti asokonezeke, kenaka nkumtaya. Amayang'ana ngati adzafunafuna ndi mphuno kufikira ataupeza, kapena adzabwerera pakapita mphindi imodzi kudzanunkhiza nsapato za anthu. Amamloŵetsa m'chipinda chamdima, kumkweza masitepe, kumyendetsa pamalo poterera, nagwetsa chitini kumbuyo kwake. Galu wabwino amadzidzimuka, pakuti nayenso ndi wamoyo, koma amabwerera kukanunkhiza chimene chagwacho. Akapambana zonsezi mpamene amapita kwa dokotala kukajambulidwa chiuno ndi zigongono.