Usiku Umodzi ku Kinosaki: Mau Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano Wathu Wapachaka



Pamene a Mlembi anandilembera kuti ndidzayankhule za ulendo wanga wa ku Japan, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndidzafotokoza za maphunziro amene Boma linanditumizira. Andikhululukire. Za maphunzirozo ndinalemba kale lipoti, ndipo lili m'kabati ku ofesi. Lero ndifuna ndikuuzeni za usiku umodzi wokha, ndi mmene ndinavutikira posankha malo ogona usiku umenewo.

Munali mu 2019, kumapeto kwa November. Tinali mumzinda wa Kobe pa maphunziro a JICA, anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana. Loweruka lina ndi Lamulungu lake tinalibe zochita, tsono ine ndi mnzanga wina wa ku Ghana tinapangana zopita ku Kinosaki, katauni ka akasupe a madzi otentha m'chigawo cha Hyogo, kufupi ndi nyanja ya kumpoto. Akasupe otere iwo amati onsen. Ife kuno tili nawo ku Chiweta ndi ku Mawira ku Nkhotakota, kotero madzi otentha otuluka pansi sanali achilendo kwa ine. Chachilendo chinali chakuti tauni yathunthu imadya za madzi amenewo, ndipo yakhala ikutero kwa zaka mazanamazana.

Malo ogona a chikhalidwe chao amawatchula kuti ryokan. Ndinapeza ena pa intaneti, mtengo wake 18,000 yen. Ndinagawa pawiri m'mutu, monga timachitira pa resitihausi, ndi kunena kuti aliyense apereka 9,000. Mwamwayi ndinayamba ndaonetsa mayi amene ankatitanthauzira kukalasi. Anayang'ana, namwetulira mwaulemu wao uja, nati mtengowo ndi wa munthu mmodzi. Ku ryokan sawerengera chipinda, amawerengera mitu. Safunsa anadya phula, anzanga.

Apa mpamene nkhani inavuta. Ndalama imene ndinkasunga pa alawansi yanga inali ndi ntchito kale: fizi ya mwana wanga wamkazi, imene inkafunika mu January. Aliyense wa inu amene anapitapo kunja pa ntchito ya Boma akudziwa kuti munthu umadya buledi ndi tiyi masabata angapo kuti ubwere ndi kanthu. Ndinakhala pansi usiku umenewo ndi pepala, kuwerengera ngati kuti ndi bajeti ya unduna.

Njira zinalipo zitatu. Tikadatha kugona pa hotela wamba yotsika mtengo, kungopita kukasamba n'kubwerera. Tikadathanso kulipira chipinda chokha pa ryokan popanda chakudya, zimene iwo amati sudomari. Mayi uja anatiuza kuti tikatero tidzakhala ngati munthu amene wapita ku ukwati n'kuchoka nsima isanafike, pakuti mtengo wa ryokan mbali yake yaikulu ndi chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Ndiye panatsala kufunafuna ryokan yeniyeni imene thumba lathu likadapirira.

Pofufuzapo ndinaphunzira zimene zimakweza mtengo. Loweruka ndi lodula kuposa pakati pa sabata, ndipo ife tinalibe tsiku lina. Nyengo nayo inatipweteka, chifukwa kuyambira November mpaka March ndi nthawi ya nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja ija, zimene anthu amachokera ku Osaka ndi ku Kyoto kudzadya. Malo omwewo, chipinda chomwecho, mtengo umasiyana malinga ndi kuchuluka kwa nkhanu zimene mwaitanitsa. Chipinda amachiyeza ndi mikeka yao yotchedwa tatami: cha mikeka 6, cha mikeka 8, cha mikeka 10. Chokhala ndi chimbudzi chakechake n'chodula kuposa chimene mumagawana ndi alendo ena kukhonde. Ndipo malo ambiri salandira munthu wobwera yekha, makamaka Loweruka, kapena amamuonjezera mtengo. Mnzanga wa ku Ghana uja ndinayamba kumusamala ngati dzira.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi ichi. Munthu wosadziwa amaganiza kuti afune ryokan yokhala ndi bafa lalikulu lokongola. M'matauni ena zimenezo n'zoona. Koma ku Kinosaki ulemerero uli m'mabafa a anthu onse, amene mwamwambo alipo 7, omwazikana m'tauni monse. Eni ake amanena kuti tauni yonse ndi nyumba imodzi ya alendo: siteshoni ya sitima ndiyo khomo, miseu ndiyo makhonde, ma ryokan ndiwo zipinda. Mlendo aliyense wogona pa ryokan amapatsidwa chiphaso cholowera m'mabafa onsewo osalipiranso. Tsono wogona pa malo odula ndi wogona pa malo otsika amakasamba madzi amodzimodzi. Nditamva zimenezo ndinasiya kuyang'ana zithunzi za mabafa, n'kuyamba kuyang'ana mapu, kuti ndione malo amene ali pafupi ndi kamtsinje ka Otani kamene kamadutsa pakati pa tauni. M'nyengo yozizira, mtunda umene uyende wapansi usiku utavala nsapato zamatabwa ndi nkhani yaikulu.

Tinasankha kanyumba kakang'ono koyendetsedwa ndi banja limodzi, chipinda cha mikeka 8, chimbudzi cha kukhonde, chakudya chokhala ndi nkhanu pang'ono chabe. Aliyense analipira 13,000 yen, kuonjezapo kamsonkho ka osamba, kamene m'matauni ambiri otere ndi 150 yen pa munthu. Inde, Bambo Wapampando, ngakhale kusamba kuli ndi msonkho wake. Anzathu otolera misonkho amene ali muno asalembe zimenezi.

Ulendo wa sitima kuchokera ku Kobe ndi wa maola pafupifupi awiri ndi theka. Mayi uja anatichenjeza kuti tifike nthawi isanakwane 5 koloko madzulo. Ku ryokan chakudya amakonza powerengera alendo amene analembetsa, ndipo amapereka cha m'ma 6 kapena 7 koloko. Ukachedwa osaimba foni wawalakwira kwambiri, ndipo ukalephera kubwera umalipirabe. Za zakudya zimene sudya uyenera kunena polembetsa, osati mbale zitafika kale. Mnzanga uja sadya nkhumba, ndipo tinanena masiku anai zisanachitike.

Tinavula nsapato pakhomo. M'chipinda munalibe bedi, munali katebulo kafupi ndi mapilo okhalira. Anatipatsa mkanjo wa thonje wotchedwa yukata, umene alendo amavala podya, pogona, ngakhale poyenda mumsewu. Ine ndinauvala mmene ndinaonera, mbali ya kumanja pamwamba. Mayi wa panyumbapo, munthu wachikulire ndithu, atandiona anagwira pakamwa, nabwera kudzandikonza yekha ngati mwana wa Sitandade 1. Mbali ya kumanzere ndiyo imakhala pamwamba. Mmene ndinavalira ine ndi mmene amavekera maliro.

Tsopano za kusamba. Amuna kwaokha, akazi kwaokha, koma onse osavala kanthu. Ndinaima pakhomo kwa kanthawi, munthu wa udindo wanga, bambo wa ana atatu. Kenaka ndinakumbukira mabafa a ku hostelo kwathu kuja, 5 koloko m'mawa mwezi wa June, anyamata makumi awiri kulimbirana mipope itatu, ndipo manyazi anatha. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko umayamba wakhala pa kampando, kudzisambitsa ndi sopo mpaka kuyera, n'kutsukuluza thovu lonse, ndiye n'kulowa m'dziwe. M'dziwemo sasambiramo, amangokhalamo phee. Kathaulo kako sikakhudza madzi. Ambiri amakaika pamutu. Madziwo ndi otentha koti mphindi zochepa zimakwana. Anthu odzilemba zizindikiro pakhungu amaletsedwa m'mabafa ambiri a ku Japan, koma mabafa a anthu onse a ku Kinosaki amawalola. Amene muli ndi mphini zambiri mungachite bwino kufunsiratu.

Tinalowa mabafa atatu usiku umenewo, tikuyenda m'mbali mwa kamtsinje kaja, nsapato zamatabwa zikulira pa milatho ya miyala. Nyumba zambiri ndi zamatabwa, zosanja katatu, ndipo zimaoneka zakalekale, koma tauniyi inagwa ndi kupsa pa chivomerezi cha mu 1925. Anthu ake pomanganso anaika mtima pa mabafa a onse aja, podziwa kuti alendo akabwerera chifukwa cha madzi, aliyense apeza chakudya. Mlembi wao wotchuka, Shiga Naoya, anadzakhala kuno mu 1913 kudzachira atagundidwa ndi sitima ku Tokyo, ndipo nkhani imene analemba za masiku amenewo inatchukitsa tauniyi m'dziko lonselo.

Chakudya chinabwera m'timbale tambirimbiri, kalikonse pang'onopang'ono. Poyamba ndinadandaula mumtima kuti ndigona ndi njala, koma timbaleto sitinkatha kubwera, ndipo mpunga unafika kumapeto ine nditagonja kale. Nsomba yaiwisi ndinadya, ndisanameyi, koma sindinaipemphenso. Pobwerera kuchipinda tinapeza atachotsa katebulo kaja, atayala matiresi pansi. Ine amene ndinakulira pa mphasa ndinalipira 13,000 yen kuti ndigonenso pansi, ndipo mai anga nditawauza anaseka mpaka kutsokomola.

M'mawa, titalipira, mayi wachikulire uja ndi mwamuna wake anatiperekeza mpaka pamsewu. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe, koma mnzanga anandigwira dzanja, pakuti kumeneko satero. Anaima pakhomo akuwerama mpaka tinakhota pa ngodya. Fizi ya mwana inaperewera pang'ono, ndipo ndinakwaniritsa ndi malipiro a December. Wailesi imene ndinalonjeza mlamu wanga sindinagule, ndipo ali muno, wakhala kumbuyo uko, akundiyang'ana mpaka pano.