Mphika wa Masika M'nyumba Zathu za M'tauni

 Nkhani yomwe tikambirane lero ena aiona ngati yochepa, yoyenera kukhitchini osati pa msonkhano ngati uno. Tikupempha abambo kuti musatuluke, chifukwa ndalama yogulira ndiwo imachokera m'thumba la banja lonse, ndipo matenda obwera chifukwa cha kadyedwe sasankha mwamuna kapena mkazi.

Tili m'nyengo ya masika. Mvula yatha, chimanga chauma m'minda, ndipo m'mawa kwayamba kale kuzizira. Amene mwadutsa pa msika waukulu wa ku Old Town masiku ano mwadzionera nokha milu ya maungu, mbatata, mtedza, nzama, nyemba zatsopano ndi nzimbe. Zonsezi zikubwera pa njinga ndi pa malole kuchokera ku Mitundu, ku Nathenje, ku Nsundwe, ku Mchinji ndi ku Dedza. Pa chaka chonse palibe nthawi ina imene chakudya cha kumunda chimachuluka ndi kutsika mtengo muno mu Lilongwe kuposa miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni.

Koma tiyeni tilowe m'nyumba zathu za ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 kapena Area 43, tione zomwe zili pa tebulo. M'mawa ndi tiyi ndi buledi. Masana bambo ndi mayi agula tchipisi ku City Centre. Madzulo ndi nsima ya ufa woyera ndi nkhuku ya m'firiji. Kuyambira Januwale mpaka Disembala mphika ndi womwewo. Dzungu timalinyamula tsiku lopereka masika ku tchalitchi, koma m'mbale ya mwana wathu silifikamo.

Kodi zinayamba bwanji?

Mzinda wathu uno ndi wa dzulodzulo. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo ambiri a ife, kapena makolo athu, tinakulira kumudzi. Titapeza ntchito ku Capital Hill ndi nyumba ya mpanda, tinaganiza kuti chizindikiro cha kutukuka ndi kusiya zakudya zomwe tinakulira. Futali tinayamba kumutcha chakudya cha amphawi. Mlendo akabwera mwadzidzidzi n'kutipeza tikudya maungu, timapepesa ngati watipeza tikuba. Kunena zoona, awa ndi manyazi opanda pake, ndiponso amatidyera ndalama.

Taganizani za buledi. Tirigu amene amalimidwa m'dziko muno ndi wochepa kwambiri, ndipo pafupifupi yense wopangira buledi ndi masikono amagulidwa kunja. Motero pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja inakwera, ndipo tonse tinamva kuwawa. Mbatata ya ku Mitundu sidikira ndalama zakunja kuti ifike pa msika.

Nanga thupi? Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osapitirira zaka zisanu, ana 37 anali opinimbira. Tisaganize kuti vutoli ndi la kumudzi kokha. Mwana akhoza kukhuta tsiku lililonse, koma ngati akukhuta nsima yoyera, tiyi ndi zibwente basi, thupi lake silikupeza zomangira. Kwa ife akuluakulu, kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mchere wambiri, mafuta ambiri ndi kukhala pa mpando tsiku lonse zimathandiza kukulitsa vutoli. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Tikayang'ana bwino, magulu onsewo ali pa msika pakali pano, ndipo ambiri mwa iwo ndi otsika mtengo.

Tiyambe ndi futali

Tayamba ndi futali chifukwa m'mawa wa Juni, mwana akamapita ku sukulu chifunga chisanachoke, palibe chomwe chimamugwira m'mimba ngati chimenechi. Tengani mbatata zisanu zosakula kwambiri, zisendeni ndi kuziduladula. Ikani mumphika ndi madzi ochepa, ongofika pamwamba pa mbatatayo, ndi mchere pang'ono. Zikayamba kufewa, sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro m'madzi pang'ono n'kuthiramo. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timasonkhezera moto, nsinjiro n'kupserera pansi pamwamba pakadali paiwisi. Chepetsani moto, vundikirani, ndipo mulole kuti zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi khumi. Musatakase kwambiri, kuopa kuti zingasanduke phala. Nsinjiro ikapsa imamveka fungo, ndipo mafuta ake amaoneka pamwamba.

Njira yomweyi imagwira pa maungu, pa chinangwa ndi pa nthochi zaziwisi. Ngati mungapeze mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, sankhani imeneyo, chifukwa ili ndi vitamini A yemwe amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Mafuta a mu nsinjiro amathandiza thupi kulandira vitamini ameneyu. Agogo athu sanapite ku Bunda, koma pophatikiza mbatata ndi mtedza anachita chinthu chomwe akatswiri a kadyedwe akutilimbikitsa lero.

Nkhwani wotendera sitingakuphunzitseni, amayi, koma tiloleni tinenepo ziwiri. Choyamba, mukasadzula tsukani masambawo musanawadule, chifukwa mukawatsuka mutadula kale, zabwino zake zimapita ndi madzi. Chachiwiri ndi soda kapena chidulo. Tikudziwa kuti zimafewetsa ndiwo msanga ndipo ena sakhulupirira kuti nkhwani angakome popanda soda, koma soda amaononga ena mwa mavitamini. Nkhwani wanthete amapsa yekha m'madzi ochepa owira kale, ndi matimati ndi nsinjiro, pasanathe mphindi 15. Ndipo mukaphika dzungu musataye nthanga zake. Ziumitseni, zikazingeni, ana azikukuta m'malo mwa zibwente, kapena muzisinje muzitendelera ndiwo.

Phala la mgaiwa nalo libwerere pa tebulo. Pano pafupi, ku Likuni, ndi kumene kunachokera dzina la Likuni Phala, lomwe lapulumutsa ana ambiri m'zipatala. Chinsinsi chake si china koma chimanga chosakonola chosakaniza ndi soya. Banja likhoza kupanga lokha: mbale zinayi za chimanga, mbale imodzi ya soya wokazinga bwino, n'kupita nazo ku chigayo. Soya akazingidwe ndithu mpaka fungo lauwisi litatha.

Za chigumu tikudziwa kuti atsikana ambiri obadwira m'tauni amangochigula, sanachiphikepo. Makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zija timafuna kutaya, theka la supuni yaing'ono ya soda, mchere pang'ono, ndi chambiko kapena madzi okwanira kuti zikhale phala lolimba. Shuga safunika wambiri poti nthochi n'zotsekemera kale. Pakani mafuta mumphika, thiranimo, ndipo ikani makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Magetsi akathima chigumu chimapsabe. Mukabaya ndi mpeni n'kutuluka wouma, ndiye kuti chapsa.

Chipere cha nyemba kapena khobwe n'chabwino kwa ana aang'ono, kwa odwala ndi kwa okalamba amene mano anawathera. Viikani nyemba usiku wonse, m'mawa muzifikise kuti makoko achoke, muphike mpaka zitafewa, kenaka mutakase ndi mthiko kuti zisalale. Kuviika nyemba kumachepetsa nthawi yophika, ndipo tikumbuke kuti makala ambiri omwe timagula muno akumaliza nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe timamwa. Thobwa sitikambapo, chifukwa m'banja lililonse muli azakhali amene amalidziwa kuposa ife.

Zoyenera kusamala

Tatchula nsinjiro kambirimbiri, choncho tiyenera kuchenjezana. Mtedza ukapanda kuuma bwino, kapena ukasungidwa pa chinyontho, umachita chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo akhoza kuyambitsa khansa munthu akamamudya kwa nthawi yaitali. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Anthu ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, ndipo zimenezi zimaitana chuku. Enanso amasankha mtedza wabwino kukagulitsa, woola ndi wonyala n'kuugayitsa kukhala nsinjiro. Ukagayidwa, ndani angadziwe? N'chifukwa chake tikuti gulani mtedza wathunthu tsopano pamene uli wambiri, sankhani nokha, woola, wonyala ndi wowawa mutaye, ndipo musaupereke kwa wantchito kapena kwa nkhuku. Sinjani kapena gayitsani wokwana sabata imodzi kapena ziwiri basi.

China ndi mbaula. Mu Juni ndi Julayi kukazizira usiku, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo. Mukamaliza kuphika, mbaula itsale panja. Tiwauzenso alonda athu ndi antchito amene amagona m'tizipinda ting'onoting'ono kuseri kwa nyumba, ndipo ngati alibe bulangeti, tiwapatse.

Masika satenga nthawi

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma njala ya Januwale ndi Febuluwale timaidziwa tonse kuti imabwera chaka ndi chaka. Ambiri pano tikukumbuka chaka cha 2002, pamene pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya njala. M'maboma oyandikana nafe, monga Mchinji ndi Salima, anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo ambiri anamwalira. Ife a m'tauni sitinapulumuke, chifukwa abale ochokera kumudzi anadzaza m'nyumba zathu pamene mtengo wa chimanga unali utakwera kangapo. Mu Malichi 2024 pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha ng'amba. Banja lomwe limagula chimanga, nyemba ndi mtedza nthawi ya masika n'kusunga bwino m'matumba osalowa mpweya, limakhala ndi pothawira, ndiponso limatha kuthandiza mbale wake osakongola kwa akatapila.

Pogulapo tichite chilungamo. Tikalowa m'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osanena kanthu. Koma mayi amene wasenza dengu la maungu kuchokera ku Mitundu timamunenerera mpaka agulitse mongotaya, chifukwa tikudziwa kuti dzuwa likapendeka alibe kochitira. Mayi yemweyo ndi amene adzagogode pa geti pathu mu Febuluwale kufuna ganyu.

Ndiwo nazo zimasungika. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaswa mtengo, masamba amasowa ndipo amakwera mtengo. Makolo athu ankakonzekera nthawi imeneyi pofutsa, n'kukulunga mfutso m'masamba a msuku kukhala zikwatu zopachika pa denga la khitchini. Masiku ofutsa akutha, choncho tisachedwe. Tengani nkhwani, chitambe kapena khwanya wanthete, tsukani bwino, ndipo muike m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Tsanulani madziwo, yanikani pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, pa mthunzi pomwe pakupita mphepo, chifukwa dzuwa la mphamvu limaononga vitamini A. Phimbani ndi kansalu kopepuka kuopa fumbi ndi ntchentche. Masamba akamafumbutuka m'manja, auma. Amene alibe masamba a msuku asunge m'ndowa ya chivundikiro cholimba. Therere lobala limaumitsidwa politema timagawo, ndipo dzungu lokhwima lomwe silinathyoke phesi limakhala miyezi ingapo pamalo ozizira.

Mwina ena mukuti, kodi zonsezi tizichita nthawi yanji, popeza timachoka m'mawa n'kubwera madzulo? Funsoli n'loona. Koma m'nyumba zambiri za m'ma Area muli munthu amene amazidziwa zonsezi, ndiye wantchito wathu. Kuseri kwa nyumba iye amaphika futali wa ana ake, kenaka n'kudzakazingira ana athu masoseji, chifukwa ndi zomwe tinamulamula. Timufunse mwaulemu kuti atiphikire zomwe amadziwa, ndipo Loweruka ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, akhale naye pa mphasa aphunzire kusadzula nkhwani ndi kusankha mtedza. Malo tili nawo. Mapuloti a ku Area 10 ndi Area 43 ndi aakulu kuposa madimba a anthu ambiri akumudzi, koma madzi a pampopi omwe timalipira amathera pa kapinga. Mizere itatu ya mbatata kuseri kwa nyumba ipatsa banja kholowa wa ndiwo pakatha sabata zochepa, ndi mbatata yake pakatha miyezi inayi kapena isanu.

Pa msonkhano wotsatira tikupempha mphakati uliwonse kuti ubwere ndi mphika umodzi wa chakudya cha masika, pamodzi ndi munthu amene waphikayo kuti adzatifotokozere. Amene muli ndi mbewu ya mbatata yofiira mubwere ndi mitolo ingapo ya kholowa kuti tidzagawane. Mbale ndi supuni aliyense abwere nazo zake.