Kutikita Msana wa Munthu Wotopa



Pamene ndinali mwana, kwathu kufupi ndi Katete, ambuya anga aakazi akabwera kumunda anali kuyala mphasa pakhonde, nagona cafufumimba, nandiitana kuti, "Iwe, bwera udzandiponde." Ine ndinali kukwera pamsana pao, dzanja limodzi nditagwira cipupa, ndi kuyenda pang'ono-pang'ono kucokera m'ciuno kufikira m'mapewa. Iwo anali kubuula mokondwa, ine ndiri kuyesa masewera. Ndinazindikira nditakula kuti pakhomo ponse paja panalibe wina wosamala za msana wao, koma ine kamwana ka zaka 6.

Lero tikamba za kutikita msana wa munthu wa m'nyumba mwathu amene watopa. Tiyambe ndi msanawo. Fupa la msana si limodzi ai. Ndi timafupa 33 tosanjikizana. M'khosi muli 7, pamene pagwira nthiti pali 12, m'ciuno muli 5, ndipo totsalato tiri pansi peni-peni, tambiri totagwirana kale mwa munthu wamkulu. M'kati mwa timafupa timeneti mupita mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Mbali iyi ndi iyo kuli minofu itali-itali, yonga zingwe zogwira mzati kuti usagwe. Munthu akanena kuti msana wauma, kawiri-kawiri ndi minofu imeneyi imene yakungika cifukwa ca nchito. Cigubu ca madzi ca malita 20 cilemera makilogramu 20. Onjezanipo khasu, munsi, ndi mwana kumbuyo. Ndipo musayese kuti kalaliki wokhala pampando tsiku lonse, kapena woyendetsa basi, apulumuka. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu mamiliyoni 619 pa dziko lonse anali kumva kuwawa kwa msana wa m'munsi, ndipo m'malangizo ace a 2023 linaika kutikita pakati pa zinthu zimene zingathandize wodwala msana nthawi yaitali, pamodzi ndi kulimbitsa thupi.

Kutikita ndi kuthowa si nzeru yacilendo kwa ife. M'mabanja ambiri abambo akaweruka kunchito amai amawatereka madzi, kuwathowa ndi kuwasisita, monga anawalangizira alangizi. Ici ncabwino. Funso langa ndi ili: nanga amaiwo awathowa ndani? Msana umene watunga, wasinja, walima ndi kubereka mwana ndiwo ugona osakhudzidwa. Abambo amene muli kumvetsera, manja anu sadzafupika cifukwa ca mphindi 15.

Mwambo wathu uli ndi malire ace, ndipo tiwasunge. Ciuno nca mwamuna ndi mkazi wace. Mwana wamwamuna wamkulu angathe kutikita mapewa a amai ace, koma kunsiko asiyire alongo ace. Za apongozi sitinena nkomwe. Ndipo ngakhale ali mkazi wanu kapena mwamuna wanu, yambani mwafunsa. Akakana, mlekeni.

Akalola, yalani mphasa ndi bulangete pansi, kapena agone pa kama wolimba, pakuti matiresi ofewa amameza mphamvu ya manja anu. Agone cafufumimba, nkhope atayang'anitsa kumbali, citenje citafunda kucokera m'ciuno kupita kumiyendo. Cipinda cikhale cofunda, cifukwa thupi likamva mphepo minofu imakungika. Koma m'miyezi ya June ndi July musayesedwe kulowetsa mbaula ndi kutseka mazenera. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha. Sambani m'manja, wengani zikhadabo, vulani mphete.

Yambani ndi kuthowa. Viikani nsaru m'madzi ofunda, oti cigongono canu cikhoza kupirira, finyani, ndi kuiyala pamsana kufikira itayamba kuzizira. Citani cotero katatu kapena kanai, ndipo mupukute. Tsono thirani mafuta pang'ono, odzaza kasupuni ka tiyi, m'dzanja lanu, osati pamsana pace. Mafuta a nshawa, a nsatsi, ophikira kapena Vaseline onse acita. Afikiseni m'manja kuti afunde.

Ikani zikhato zonse ziwiri m'ciuno, cina mbali iyi ya fupa la msana, cina mbali iyo. Kankhani mofatsa kukwera mpaka m'mapewa, patukani, ndi kutsika mopepuka ca m'nthiti. Bwerezani kakhumi kapena kuposa. Apa ndipo ambiri amalakwa: amathamanga ngati acapa malaya. Dzanja liyende monga apumira munthu wogona tulo. Mphamvu icokere m'kulemera kwa thupi lanu, mutagwada bwino pambali pace, kuti mawa musakhale inu wofuna kutikitidwa.

Khungu likafunda, gwirani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, ndi kuukanda monga woumba akandira dothi la mbiya. Pamenepa ndi pamene pakhala kutopa kwa wosenza mitolo ndi wolemba pa tebulo, ndipo muyenera kucedwapo. Pambuyo pace tsikani ndi zala zazikulu, mukuzunguliza pang'ono-pang'ono pa minofu iwiri itali-itali ija. Mudzapeza malo ena olimba ngati mfundo ya cingwe. Tsindikani pamenepo mofatsa, muwerenge mumtima kufikira 10, ndi kumasula. Funsani kuti, "Kodi apa ndalimbitsa?" Kuli kuwawa kokoma kumene munthu amati pomwepo, pomwepo, koma akadzidzimuka, kapena akagwira mpweya, mwapitirira. Mwini msana ndiye adziwa, si inu.

Pa fupa la msana peni-peni musatsindike. Kunsi kwa nthiti zomarizira, kumene kukhala impso, musamenye ndi nkhonya. Khosi musalipotokole kuti lilire. Ndipo za kuponda kuja, ngakhale ndikumbukira ambuya anga ndi cikondi, sindingalole mwana wanga kukwera pamsana pa nkhalamba. Mafupa a okalamba amapepuka, makamaka a amai amene analeka kupita kumwezi, ndipo nthiti kapena kafupa ka msana kangathe kusweka ndi kulemera kocepa. Mai wapakati asagone cafufumimba. Agonere kumbali, mtsamiro uli pakati pa maondo, ndipo mumsisite mopepuka. Pamene pali cironda, cotupa, zipere kapena matuza, dzanja lisapitepo.

Cimene ndifuna kuti mucigwire kwambiri ndi ici: kutikita kumasula minofu ndi kukhazika mtima pansi, koma sikuciza nthenda. Ngati msana wayamba kuwawa munthu atagwa kapena atagundidwa. Ngati pali kutentha thupi, kuonda, kutuluka thukuta usiku, kapena kuwawa kosalola tulo. Ngati mkodzo uli ndi magazi. Pitani naye kucipatala. Cifuwa cacikulu ca TB sicikhala m'mapapo mokha. Cimalowanso m'mafupa a msana, ndi kuwadya kufikira munthu apindika kapena kufa miyendo, pamene mankhwala ace alipo. Ndipo miyendo ikacita dzanzi kapena kufooka, kapena munthu akalephera kugwira mkodzo ndi cimbudzi, musadikire kuce.

Ngati kuli kutopa cabe, mphindi 15 kapena 20 zikwana. Marizani ndi kusisita kwakutali kuja munayamba nako, kopepukira-pepukira, ndipo manja anu apume pamsana pace kanthawi musanawacotse. Pukutani mafuta, mumfunditse citenje. Podzuka ayambe wagonera kumbali, akhale tsonga pang'ono, pakuti ena amacita cizungulire akaimirira msanga. Akagona tulo pomwepo, monga anali kucitira ambuya anga, auzeni ana acepetse phokoso.